Kompyuta yanga ya magemu yayamba kukoka mwadzidzidzi, thandizeni abale

Yamikani:
Moni nonse abale. Ndili ndi vuto ndipo ndati ndifunse kaye ndisanayambe kutaya ndalama pa zinthu zoti mwina sizinawonongeke nkomwe. Kompyuta yanga ndinamanga ndekha chaka chatha, zida zina ndinaitanitsa ku Joni zina ndinagula kwa anthu konkuno ku Lilongwe. Muli CPU (ubongo wa kompyuta) ya Ryzen 5 5600X, GPU (khadi yotulutsa zithunzi) ya RTX 3060 ya 12GB, RAM ziwiri za 8GB za DDR4 3200, SSD ya NVMe ya 1TB, power supply ya 650W, motherboard ya B450 yomwe ndinagula yogwirako kale ntchito, ndipo CPU imazizira ndi kula (cooler, choziziritsira) ya madzi ija ya mafani awiri, 240mm. Windows 11. Miyezi yonseyi imathamanga bwinobwino, Warzone pa 1080p FPS (zithunzi pa sekondi) imakhala cha m'ma 90 mpaka 100 osatsika, FC 24 nde osanena. Koma kuyambira sabata yatha zasintha, ndikayatsa gemu poyamba imayenda bwinoko ngakhale osati ngati kale, ndiye pakapita mphindi ngati 10 imayamba kudukiza, FPS kutsika mpaka 35, nthawi zina chithunzi kuima kaye kenako kudumpha. Ndikatuluka mu gemu ngakhale Chrome imatseguka mokoka. Sindinasinthe chida chilichonse, kesi sindinatsegule nkomwe. Chingakhale chani?

Kondwani:
Aise ingofomata basi, Windows ikakhalitsa imadzaza zinyalala. Ine yanga ikayamba zimenezo ndimangoika Windows yatsopano nkhani nkutha.

Yamikani:
Achimwene kufomata ndikuopa chifukwa cha bandulo. Magemu ali mmenemo onse pamodzi ndi ma GB mazanamazana, ndinawadawuniloda pang'onopang'ono ndi mabandulo a usiku kwa miyezi. Ndikafufuta ndiye kuti ndayambiranso pa ziro, ndipo ngati vuto silili mu Windows ndikhala ndaluza pachabe.

Dalitso:
Funso langa ndi limodzi, magemu onsewo ndi ogula kapena muli ena okiraka aja timapatsana pa ma hadi? Osachita manyazi tonse tikudziwa mmene zilili kuno. Ndikufunsa chifukwa mu 2021 a Avast anatulutsa nkhani ya vairasi yotchedwa Crackonosh yomwe imabwera mkati mwa magemu okiraka ngati GTA V ndi Far Cry 5, inalowa m'makompyuta oposa 200,000 padziko lonse. Imathimitsa Windows Defender mwakachetechete kenako nkuika XMRig, pulogalamu yokumba ndalama ya Monero, ndiye CPU yako imakhala ikugwirira ntchito munthu wina iwe ukulipira magetsi. Mavairasi ena a mtundu umenewu ndi ochenjera moti ukatsegula Task Manager amaima kaye kuti usawaone. Zimene mukunenazi zikufanana nazo kwambiri.

Yamikani:
Okiraka analipo amodzi kalekale koma ndinachotsa. Defender ikuoneka kuti ili moyo, chishango chija chili gilini. Ndiyendetsabe Malwarebytes kuti ndione.

Tadala:
Muyendetse ndithu sizilakwika, koma achimwene a Yamikani pali mawu amodzi mwanena omwe ine andigwira, akuti poyamba imayenda bwinoko kenako pakapita mphindi 10 nkuyamba kukoka. Vairasi sidikira mphindi 10 kuti iyambe kudya CPU, Windows yodzaza zinyalala nayonso imakoka kuyambira poyatsa. Chinthu chomwe chimaipiraipira ndi nthawi kawirikawiri chimakhala kutentha. Ine ndimakonza makompyuta kuno ku Blantyre ndipo mwezi wa October uno theka la omwe akubwera vuto lake ndi limenelo, kunja kukutentha ndipo fumbi la chilimwe chonse lakhala kale mkati. Tisaganizire, tiyeze. Dawunilodani HWiNFO64, pulogalamu yoonetsa kutentha ndi spidi ya zida, ndi yaing'ono siidya bandulo, mutsegule mbali ya Sensors yokha. Muikenso MSI Afterburner ndi RivaTuner yake kuti manambala azioneka pakona pa sikirini mukusewera. Sewerani mpaka iyambe kudukiza ndiye mutiuze izi: kutentha kwa CPU, spidi ya CPU mu MHz, GPU ikugwira maperesenti angati, ndi kutentha kwa GPU.

Limbani:
Ine ndikukayikira madraiva a GPU. Nthawi zina apudeti imalowa yokha usakudziwa ndipo imasemphana ndi yakale. Chotsani ndi DDU (pulogalamu yochotsera madraiva) mu Safe Mode muike ina yoyera. Komanso SSD yadzaza bwanji? Ma SSD otchipa akatsala ndi malo ochepa amachedwa polemba, CrystalDiskInfo ikuuzani ngati ili ndi thanzi.

Yamikani:
Ndabwerera. Malwarebytes sinapeze kanthu kupatula tizinthu ta mu burawuza. SSD ili ndi malo okwana 300GB ndipo CrystalDiskInfo ikuti Good, 96%. Madraiva sindinakhudze kaye, ndatsata za asisi a Tadala. Manambala ndi awa, poyamba gemu CPU ili 70°C spidi 4400 ndi kuposerapo, GPU ikugwira 80%. Pakapita kanthawi CPU ikukwera osaima mpaka 95°C nkukhazikika pomwepo, spidi nkuyamba kutsika, 3600, 3000, ndaonapo mpaka 2200. Nthawi imeneyo GPU ili pa 40% yokha ndipo ndi yozizira, 58°C. Mu HWiNFO pali mzere wa Thermal Throttling walemba Yes mofiira.

Tadala:
Ndi zimenezo. GPU yanu ilibe mlandu, ikungokhala kudikira ntchito kuchokera kwa CPU ndiye CPU yo ikudzichepetsa spidi yokha kuti isapse. 95°C ndiye malire omwe AMD anaika pa 5600X, ikafika pamenepo imayamba kubweza moto. A Limbani madraiva tiwasiye kaye, GPU ikanakhala ndi vuto la draiva sitikanaona CPU ikuwira chonchi. Tsopano funso ndi loti chifukwa chani kula ya 240mm ikulephera kuziziritsa CPU ya 65W, chifukwa 5600X ngakhale kafani kaja kamabwera nayo mu bokosi kamaikwanitsa.

Kondwani:
Nde thermal paste, kaphala kaja kopaka pakati pa CPU ndi kula, yauma basi. Sinthani. Ena amati ngakhale mankhwala otsukira mano amagwira podikira.

Madala a ku Limbe:
Ayi ana anga, za mankhwala a mano zimenezo musayese pa CPU yodula chonchi. Amauma tsiku lomwelo nkusanduka ufa, ndipo ali ndi madzi. Komanso pa ma Ryzen a AM4 paste ikagwirana kwambiri, pochotsa kula CPU imazuka nayo limodzi kuchoka mu soketi, mapini nkupindika. Ndawongolapo mapini ambiri a anyamata ndi singano pa chifukwa chimenechi. Ngati mufika pochotsa, muyatse kaye kompyuta itenthe pang'ono, muzimitse, ndiye muzipotokola kula kumanja ndi kumanzere modekha musanakweze. Koma ine sindikukhulupirira kuti ndi paste. Paste simauma usiku umodzi, imapita pang'onopang'ono kwa miyezi, pomwe mwana wathuyu akuti zachitika mwadzidzidzi. Yamikani, takumbukira bwino, sabata yathayo kunachitika chani pakhomopo? Magetsi anathimapo kompyuta ikuyaka?

Yamikani:
Madala magetsi nde akumathima pafupipafupi masiku ano, koma ine chizolowezi changa akangothima ndimazimitsa pakhoma nkuzula pulagi kuopa moto wobwera mwamphamvu uja. Sabata yatha ndinapita ku Dedza ku maliro ndinasiya yozula kwa masiku angapo. Nditabwera nde ndinapeza zayamba.

Madala a ku Limbe:
Ehe. Pamene unali ku Dedza kapena utangobwera, anayamba kuiyatsa ndani?

Yamikani:
Mng'ono wanga, amasewera FC ndikachokapo. Dikirani ndimufunse.

Chisomo:
Podikira, tsegulani Task Manager, Performance, Memory, muone pomwe palembedwa Speed. Ndikuganiza kuti ndadziwa komwe Madala akupita.

Yamikani:
Eee abale. Palembedwa 2133. RAM yanga ndi ya 3200 ndipo ndikukumbukira bwino kuti ndinayatsa XMP, setingi yoyendetsa RAM pa spidi yake yonse, tsiku lomwe ndinamanga. Mng'ono wanga nayenso wayankha, akuti atayatsa panabwera sikirini yakuda ya zolemba zoyera yomuuza kuti adine F1 kapena F2, iye anadina F2 ndipo Windows inalowa bwinobwino ndiye sanaone chifukwa chondiuzira. Akutinso gemu ya Valorant inamukanira kutseguka ikunena za Secure Boot, iye anangoisiya nkupita ku FC.

Chisomo:
Basi BIOS, pulogalamu ya mu motherboard yokhala ndi masetingi a zida, yabwerera ku masetingi a ku fakitale. F2 imeneyo pa mabodi ambiri imatanthauza kuti tenga ma default upitirize. Valorant ikuchitira umboni, pa Windows 11 Vanguard, pulogalamu yake yoletsa kubera, imafuna TPM 2.0 ndi Secure Boot (masetingi achitetezo a mu BIOS) zikhale zoyaka, BIOS ikafufutika pa mabodi akale ngati B450 Secure Boot imathima. XMP nayo yathima nde RAM yabwerera ku 2133. Pa Ryzen zimenezi zimapweteka kuposa pa Intel chifukwa Infinity Fabric, njira yomwe zigawo za mkati mwa CPU zimalankhulirana, imayenda limodzi ndi spidi ya RAM. RAM ikakhala 3200 iyo imakhala 1600, RAM ikagwa ku 2133 iyo imagwa ku 1066. Nchifukwa chake mumati ngakhale poyamba gemu siikuyenda ngati kale.

Dalitso:
Koma Chisomo XMP ingatenthetse CPU mpaka 95? Ine ndimadziwa kuti kuthimitsa XMP kumachepetsako kutentha osati kuonjezera.

Chisomo:
Zoona aise, XMP ikufotokoza kutsika kwa FPS kwa poyamba kokha, kutentha kuja ndi nkhani ina. Koma BIOS ikafufutika sikuti imaiwala XMP yokha, imaiwala zonse.

Tadala:
Ndi pomwe ndimafuna tifike. A Yamikani, kula ya madzi ili ndi mawaya awiri ofunika, wina wa mafani a pa redieta wina wa pampu yomwe ili pamwamba pa CPU penipeni. Waya wa pampu munalumikiza pati pa motherboard? Mabodi odula amakhala ndi malo olembedwa AIO_PUMP kapena PUMP_FAN omwe amapereka 12V yonse nthawi zonse osafunsa. Mabodi ambiri otchipa a B450 alibe malo amenewo ndiye anthu amalumikiza pampu pa SYS_FAN kapena CHA_FAN, kenako nkukauza BIOS kuti malo amenewo aziyenda 100%.

Yamikani:
Asisi mwalasa. Yanga ilibe malo a pampu. Mafani a redieta ali pa CPU_FAN, pampu ili pa SYS_FAN ndipo waya wake ndi wa mapini atatu. Ndinaika Full Speed mu BIOS pomanga paja.

Tadala:
Ndiye setingi imeneyo yapita limodzi ndi XMP. Panopa motherboard ikuona pampu yanu ngati fani wamba wa mu kesi, ndipo chida cha mapini atatu amachichepetsa spidi pochepetsa mavoti, mmalo mwa 12V akuipatsa mwina 6 kapena 7. Choipa china ndi choti SYS_FAN nthawi zambiri imayang'ana kutentha kwa bodi osati kwa CPU, bodi ili 40°C ndiye iyo ikuona ngati zonse zili bwino pomwe CPU ikupsa. Zili ngati galimoto yoti redieta ndi yodzaza madzi, fani ikuzungulira, koma pampu siikuyendetsa madziwo, injini iwira basi. Mphindi 10 zija ndi nthawi yomwe madzi ochepa omwe ali pamwamba pa CPU amatenga kuti atenthe nkulephera kulandira moto wina. Tisanalowe mu BIOS tsimikizani kaye ndi dzanja. Yatsani gemu, ikafika 90 tsegulani mbali ya kesi mugwire mapaipi awiri aja ndi redieta, osakhudza bodi. Muonenso mu HWiNFO ma RPM (spidi yozungulira) a System Fan imeneyo.

Yamikani:
Ndagwira. Paipi imodzi pafupi ndi CPU ikutentha ndithu, inayo ndi yofunda pang'ono chabe, redieta nde yozizira ngati kompyuta siikuyaka nkomwe pomwe mafani ake akulira mwamphamvu. HWiNFO ikuonetsa System Fan pa 900 RPM nthawi zina nkugwa pa 0 nkubwereranso. Kale ndimakumbukira ikuonetsa kupitirira 2500.

Madala a ku Limbe:
Zimitsa gemuyo pompano mwana wanga, usaizunzenso. Pampu ikumaima nkudzukanso chifukwa moto ukuipelewera. Lisitati, dina Delete ulowe mu BIOS, pita ku Hardware Monitor kapena pomwe pali za mafani, sankha SYS_FAN yomwe pali pampu, ika pa DC, thimitsa Smart Fan ndipo uike Full Speed. Kenako yatsa XMP, mabodi ena amalemba A-XMP ena DOCP koma ndi chinthu chimodzi. Ukatero F10. Usasinthe china chilichonse kaye, tione chimodzi chimodzi.

Limbani:
Poti mwalowa kale mu BIOS bwanji osangoipanga apudeti? B450 ndi ya 2018, ma BIOS atsopano anakonza zambiri pa ma Ryzen 5000.

Tadala:
A Limbani lero ayi. Bodiyo ikuyendetsa kale 5600X kutanthauza kuti BIOS yake inakwezedwa kale kufika poyenera. Apudeti ya BIOS magetsi akathima ili pakati bodi imatha kufa osadzukanso, pokhapokha ikhale ndi batani lija la flashback, lobwezeretsera BIOS, kumbuyo, ndipo a Yamikani angonena kumene kuti kwawo akumathima pafupipafupi. Popanda UPS, kabokosi ka batire kosunga moto magetsi akathima, ine sindilola kasitomala wanga aliyense kuchita zimenezo. Komanso apudeti imafufutanso masetingi onse, tikhala tikubwerera pomwe tachoka.

Limbani:
Ndamva asisi, kuno ku Joni nafenso tinaziona nthawi ya load shedding, anthu ambiri anataya mabodi ndi ma power supply. Ndabweza mawu.

Yamikani:
Abale!! Nditangoika Full Speed ndinamva kaphokoso ka madzi mkati ngati akugubuduka kwa masekondi pang'ono kenako zii. Pampu ili 2700 RPM. Mu BIOS momwemo kutentha kunatsika kuchoka 61 kufika 38 ndikuona ndi maso. Task Manager ikuti 3200. Ndasewera Warzone kwa nthawi yaitali ndithu, CPU siinapitirire 68°C, spidi ili pa 4500 mpaka 4600 osagwedezeka, GPU ikugwira 97%, FPS yabwerera m'ma 90. Redieta tsopano ikufunda ndipo mpweya wotuluka pamwamba ndi wotentha. Zikomo kwambiri asisi a Tadala, Madala, a Chisomo, nonse.

Kondwani:
Nde bwenzi titafomata pachabe eti. Ndaphunzirapo, HWiNFO imeneyo ndikuika lero lomwe.

Madala a ku Limbe:
Usathamangire kuthokoza Yamikani, ntchito siinathe. Tapeza chomwe chimatenthetsa, koma sitinakonze chomwe chinafufuta BIOS. Pa motherboard pali kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, CR2032, ka 3V. Kompyuta ikakhala yolumikizidwa kukhoma, ngakhale yozimitsa, power supply imapereka kamoto kochepa ka 5V komwe kamasunga wotchi ndi masetingi, kabatire kaja kamapuma. Ukazula pulagi kabatire ndi komwe kamanyamula katundu yense. Bodi yako ndi yakale, mwini wake woyamba anaigwiritsa zaka, ndiye iwe umazula tsiku ndi tsiku, kenako unasiya yozula masiku angapo uli ku maliro. Kabatire katha. Ukapanda kusintha, ulendo wina ukazula pulagi usiku wonse mawa upeza pampu yabwerera ku 900.

Yamikani:
Koma Madala wotchi ya pa Windows ikulondola bwinobwino, ndimaganiza kuti batire ikatha nthawi imasokonekera.

Madala a ku Limbe:
Imasokonekera, koma Windows ikangopeza intaneti imakonza yokha nthawi iwe usanaone. Nchifukwa chake masiku ano anthu sazindikira msanga ngati kale. Ngati uli ndi mita yeza, yatsopano imaonetsa 3.2 kapena 3.3, ikatsika pansi pa 2.8 ndi yosadalirika. Amagulitsa m'mashopu a mawotchi, m'mafamase ena ngakhale kwa okonza makiyi a galimoto chifukwa marimoti ambiri amagwiritsa yomweyo. Ugule yomata mu pepala lake osati zoyalidwa padzuwa. Posintha zula pulagi, dina batani loyatsira kangapo kuti moto wotsalira uthe, gwira chitsulo cha kesi kaye, ndiye kankha kachitsulo kam'mbali batire idumpha yokha. Mbali yolembedwa + iyang'ane kumwamba. Pa mabodi ena imabisala pansi pa GPU ndiye uyenera kuchotsa GPU kaye, usaiwale kakiyi kapulasitiki kakumapeto kwa siloti, anthu amathyola pokoka mwamphamvu. Ukamaliza BIOS idzafufutikanso kamodzi komaliza ndiye uikenso zonse.

Chisomo:
Ndipo mukaika zonse, mabodi ambiri ali ndi malo osungira ma profile mu BIOS, ena amalola kusunga pa flash. Sungani pamenepo komanso jambulani masikirini a BIOS ndi foni. Secure Boot ya mng'ono wanu uja, thimitsani CSM (setingi yoyatsira kompyuta mwa njira yakale) kaye ndiye Secure Boot ivomera kuyaka, muonenso kuti fTPM (TPM ya mkati mwa CPU) ili Enabled. Windows 11 yoikidwa mwa njira yake imakhala kale pa GPT (kakonzedwe katsopano ka disiki) ndiye kuthimitsa CSM sikuvuta.

Tadala:
Ine ndikanakonda pampu isadalirenso BIOS nkomwe. Pali kawaya kotchipa kochoka ku SATA power kupita ku mapini atatu, pampu imalandira 12V molunjika kuchokera ku power supply, BIOS ifufutike isafufutike iyo ikuyenda basi. Choipa chake simuonanso ma RPM pokhapokha kawayako kakhale ndi nthambi ina yopita ku bodi. Njira ina ndi kusinthanitsa, pampu pa CPU_FAN mafani pa SYS_FAN, koma pamenepo mukhalabe mukudalira masetingi. Ndipo mumuuze mng'ono wanu mwachikondi kuti akadzaona sikirini yakuda ija azikuitanani, iye sanalakwe, aliyense akanadina chomwecho.

Yamikani:
Ndamuuza kale asisi, anali ndi mantha kuti waononga. Funso lomwe likundisowetsa mtendere ndi ili, CPU yakhala ikufika 95 sabata yonse, kodi siinawonongeke mkati? Kugula ina panopa sindingakwanitse, chichokereni kugwa kwa kwacha kwa mu November 2023 kuja zida zakwera moti zomwe ndinamangira kompyuta yonse pano mwina zingagule GPU yokha.

Tadala:
Mtima pansi. Kudzichepetsa spidi kuja ndiye chitetezo chake, imachita dala kuti isadutse malire, ndipo zikanafika poipa kwenikweni ikanazima yokha. Mukafuna umboni yendetsani pulogalamu yoyeza mphamvu ya CPU ya Cinebench R23 pa ma core onse, 5600X yabwinobwino imapeza pafupifupi 11,000. Mukapeza cha pamenepo ndipo kutentha kuli pansi pa 80 ndiye kuti ili bwino. Chomwe ndingayang'anitsitse ndi pampu, chifukwa kuima nkudzuka kuja sikuikomera. Masabata akubwerawa muzimvetsera, ikayamba kulira ngati ikukukuta kapena ma RPM akayamba kudumphadumpha pomwe ili pa 12V ndiye kuti ikupita. Muonenso mmene redieta munaikira, pampu isakhale pamwamba kuposa redieta chifukwa mpweya wa mkati umakwera kukakhala pamalo okwera kwambiri, ukakhala mu pampu imazungulira youma. Redieta ikakhala kudenga kwa kesi zili bwino, ikakhala kutsogolo nsonga yake ikhale pamwamba kuposa pampu.

Mphatso:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ine ndili ku Nchalo komwe mwezi uno masana kumadutsa 40°C. Ndinasiya kula ya madzi chifukwa cha nkhani ngati zomwezi, ndinaika ya mpweya ya nsanja ija ya fani imodzi yaikulu. Fani ikafa umaona ndi maso ndipo chitsulo chokhacho chimagwirabe ntchito pang'ono, fani ina ya 120mm umaipeza paliponse. Pampu ikafa kuno ukaipeza kuti? Kwa 5600X ine ndikuona kuti madzi ndi zokongoletsa chabe.

Limbani:
Pa 5600X ndikugwirizana nanu, koma pa ma CPU akuluakulu odya 200W madzi amathandiza ndithu makamaka kotentha ngati kwanuko. Poti a Yamikani ali nayo kale ndipo ikugwira asaitaye, koma ikadzafa agule ya mpweya.

Madala a ku Limbe:
Poti utsegula kesi posintha batire, upemereretu fumbi. Redieta imagwira fumbi pakati pa mafani ndi timapepala take tachitsulo, kunja imaoneka yoyera koma ukachotsa mafani umapeza chansalu chokhuthala. Gwiritsa bulowa panja, ugwire mafani ndi chala asazungulire ndi mphepoyo chifukwa amaonongeka mabering'i. Kompresa ya pa malo opopera matayala usayese, imatulutsa madzi. Kesi uichotsenso pansi uyiike pa tebulo.

Yamikani:
Moni abale, ndabwera ndi lipoti. Batire yakale pa mita inaonetsa 2.1V, Madala munanena zoona. Ndaika yatsopano, ndapemerera fumbi ndipo mu redieta munalidi zambiri, ndaikanso XMP, pampu Full Speed, CSM yothima, Secure Boot yoyaka, ndasunga profile. Ndinazula pulagi usiku wonse dala kuti ndiyese, mmawa zonse zili mmalo mwake. Cinebench yapereka 10,900 kutentha 71°C. Valorant yatseguka. Chinthu chimodzi chokha, pulogalamu ya GPU-Z ikuonetsa kuti GPU ikuyenda pa PCIe (njira ya mu siloti yake) x16 3.0 pomwe khadi yake ndi ya 4.0, ndabwezeretsa molakwika?

Chisomo:
Ayi zili bwino, B450 imathera pa PCIe 3.0, 4.0 inayambira pa X570 ndi B550. Pa RTX 3060 ya x16 kusiyana kwake simungakuone mukusewera. Chomwe mukanadandaula nacho ndi ikanaonetsa x4 kapena x1, pamenepo ndiye kuti khadi sinakhale bwino mu siloti. Mukaiona yalemba 1.1 kompyuta ili phee musadabwe, imatsika yokha posunga moto, dinani kachizindikiro ka funso kali pambali pake iyambe render test muona ikukwera.

Yamikani:
Zikomo achimwene. Tsopano za kuzula pulagi zija nditani, ndisiye? Ndimaopabe moto ukamabwera.

Tadala:
Mantha anuwo ndi oyenera, ndalandirapo ma power supply ambiri opsa nthawi yomwe magetsi amabwerera. Chotchipa ndi friji gadi, kaja timaika pa mafiriji, kamadula moto ukakwera kapena kutsika mopitirira ndipo kamadikira kaye pang'ono magetsi akabwera kasanalumikize. Sikasunga gemu yanu magetsi akathima koma kamateteza zida. Mukapeza ndalama gulani UPS yokhala ndi AVR (chokhazikitsa mavoti). Poigula yang'anani ma watt osati ma VA okha, UPS yolembedwa 650VA nthawi zambiri imanyamula 360W kapena 390W basi. RTX 3060 payokha imadya 170W, CPU yanu imafika 76W, kuphatikiza bodi, mafani ndi monita muli cha m'ma 300 kupita mtsogolo, ndiye ya 650VA ikhala pa malire ndipo ikhoza kuzima gemu ili pakati. Tengani ya 1000VA kapena kuposa. Ntchito yake ndi kukupatsani mphindi zoti museve nkuzimitsa bwino, osati kupitiriza kusewera.

Mphatso:
Asisi nanga ife a ma inverter a sola? Yanga ndi yotchipa ija ya modified sine wave, ndikalumikiza kompyuta power supply imalira kaphokoso kopyapyala.

Tadala:
Kaphokoso kameneko ndi power supply ikuvutika ndi moto wosasalala. Ma power supply amakono ali ndi Active PFC ndipo amafuna moto wa pure sine wave, ena amapirira modified koma ena amazima okha katundu akachuluka. Pa inverter imeneyo muzichajira laputopu ndi mafoni, kompyuta ya magemu idikire magetsi kapena mudzasinthe inverter. Tandiuzani ma watt a inverter yo ndi kukula kwa batire lanu ndikuwerengereni ngati ingakwanitse nkomwe.

Mphatso:
Ndi ya 1000W, batire limodzi la 12V 100Ah la lead acid.

Tadala:
12 kuchulukitsa ndi 100 ndi 1200Wh pa pepala, koma lead acid simuyenera kuitsitsa kupitirira theka ngati mukufuna ikhalitse, ndiye muli ndi 600Wh, inverter nayo imadyako zake. Kompyuta ndi monita zikamadya 350W mupeza ola limodzi ndi theka basi, mababu ndi zina zonse zitathima. Mukamaikoka chonchi usiku uliwonse batirelo silimaliza chaka.